Momwe mungathandizire wophunzira wa chaka choyamba pa fizikisi ya ku koleji

Wophunzira amene anakhoza bwino fizikisi pa mayeso a MSCE amatha kufika ku yunivesite, kaya ndi ku Zomba, ku MUBAS, ku Mzuzu kapena ku MUST, mayeso oyamba a semesita n'kumugwetsa chagada. Kawirikawiri vuto silikhala ulesi kapena kuperewera nzeru. Ku sekondale mafunso ambiri amapereka manambala atatu, wophunzira n'kusaka fomula yomwe ili ndi zilembo zitatuzo, n'kupeza chachinayi. Ku koleji funso limangolongosola chimene chachitika, thumba likutsetsereka pa thabwa kapena galimoto ikuima mwadzidzidzi, ndipo wophunzira ayenera kuona yekha lamulo limene likugwira ntchito pamenepo asanalembe nambala iliyonse. Amene amafika ali ndi luso limeneli ndi ochepa.

Malangizo awa ndi a inu amene mwapemphedwa kuthandiza: wophunzira wa chaka chachitatu kapena chachinayi, mphunzitsi wa ku sekondale amene akuthandiza mbale wake, kapena anzanu amene mwagwirizana kumakumana madzulo. Tikamba kwambiri za mechanics, gawo la kayendedwe ka zinthu ndi zimene zimazikankha kapena kuzikoka, chifukwa ndilo gawo loyamba pafupifupi kulikonse, ndipo amene waterereka apa amakavutikanso pa magetsi ndi maginito. Chinthu chimodzi chigwireni kuyambira tsiku loyamba: cholembera chikhale m'manja mwa wophunzira, osati mwanu. Munthu angaonerere ena akuvundula nsima chaka chathunthu, koma tsiku lomupatsa mthiko adzaphika ya mibulu. Mukamasova samu inu, wophunzira akungogwedeza mutu, amene akuphunzira ndinu.

Tsiku loyamba: pimani, musayambe kuphunzitsa

Tengani mphindi 25 kuti mudziwe pamene pali dzenje. Muuzeni wophunzira kuti awa si mayeso ndipo simupereka malikisi. Mupatseni masamu asanu. Kuchokera pa v² = u² + 2as, apeze a popanda kuikamo manambala. Pa triangle yokhala ndi ngodya ya madigiri 90, mbali yaitali ili 10 cm ndipo ngodya ina ndi madigiri 30, apeze mbali ziwiri zotsalazo, zomwe ndi 5 cm ndi 8.66 cm. Asinthe 72 km/h kukhala m/s. Achulukitse 3 × 10⁸ ndi 2 × 10⁻⁶ popanda kakyuleta, apeze 600. Pomaliza mujambulireni graph ya velocity ndi nthawi, mzere woongoka wochoka pa 0 kufika pa 20 m/s m'masekondi 4, ndipo akuuzeni acceleration ndi mtunda umene wayendedwa, kutanthauza 5 m/s² ndi 40 m.

Akalephera awiri kapena kuposerapo mwa masamu amenewa, sabata ziwiri zoyambirira muziperekako theka la nthawi ku algebra ndi trigonometry. Ophunzira ambiri amene amati fizikisi yawakanika, chimene chawakanika kwenikweni ndi kusamutsa chilembo kuchoka mbali imodzi ya equation kupita mbali ina.

Kenako mufunseni mafunso atatu osafuna nambala. Mpira woponyedwa m'mwamba ukafika pa nsonga penipeni, acceleration yake ndi yotani? Lole yodzaza simenti ikagundana ndi kagalimoto kakang'ono, ndi iti imene yagunda inzake ndi force yaikulu? Minibasi ikuyenda 60 km/h mumsewu woongoka, liwiro losasintha, kodi ma force onse amene ali pa minibasiyo mukawaphatikiza akuloza kuti? Musamuuze mayankho pompo. Lembani zimene wanena ndi zifukwa zake. Ambiri amati acceleration ya mpira ndi ziro, lole ndiyo yagunda kwambiri, ndipo force ya minibasi ikuloza kutsogolo. Mayankho atatu onsewo ndi olakwika, koma ndi mayankho a munthu woganiza, ochokera pa zimene maso ake aona chibadwire. Mu 1992 David Hestenes ndi anzake ku Arizona State University anasindikiza mayeso a mafunso pafupifupi 30 a mtundu umenewu, otchedwa Force Concept Inventory, ndipo zinaoneka kuti ophunzira ambiri amene amasova masamu a m'buku bwinobwino amagwabe pa mafunso otere ngakhale kosi itatha. Choncho musaganize kuti maganizo amenewa adzachoka okha chifukwa wophunzira waloweza malamulo atatu a Newton.

Mugwirizanenso za mawu. Kufotokozerana m'Chichewa n'kothandiza kwambiri ndipo musachite nako manyazi, koma force, energy ndi power muzizitchula ndi mayina ake a m'buku, chifukwa mukati mphamvu pa zonse zitatu wophunzira amazisakaniza, chonsecho china chimayezedwa mu newton, china mu joule, china mu watt. Chimodzimodzi mass ndi weight: thumba lolembedwa 50 kg lili ndi mass ya 50 kg, weight yake ndi 490 N.

Kagawidwe ka nthawi ndi ka gulu

Kukumana kawiri pa sabata, mphindi 90 ulendo uliwonse, kumaposa kukhalirana maola anayi Loweruka. Mphindi 10 zoyamba mabuku akhale otseka, aliyense alembe zimene akukumbukira pa zomwe munachita ulendo wathawu. Mphindi 15 zotsatira zikhale za funso limodzi lopanda manambala: aliyense asankhe yankho payekha, kenako atsutsane, kenako asankhenso. Njira iyi anaitchukitsa Eric Mazur ku Harvard kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Mphindi 50 zikhale zosova masamu awiri kapena atatu, osapitirira apo. Mphindi 15 zomaliza aliyense asove samu imodzi payekha, wina osamunong'oneza, kuti muone chimene chalowa.

Pali umboni wakuti kuchita motere kumapindulitsa. Mu 1998 Richard Hake anayerekeza makalasi 62 okhala ndi ophunzira oposa 6,000. M'makalasi ongomvera mphunzitsi, ophunzira anakweza malikisi awo ndi magawo pafupifupi 23 pa 100 a zimene zinkawaperewera, pamene m'makalasi momwe ankakambirana ndi kusova okha anakweza ndi magawo pafupifupi 48 pa 100.

Gulu labwino ndi la anthu atatu. Awiri amafulumira kugwirizana pa cholakwika, ndipo akapitirira anayi wina amabisala kumbuyo kwa anzake. Pa samu iliyonse mmodzi akhale wolemba, wina wokayikira amene ntchito yake ndi kufunsa kuti tadziwa bwanji zimenezi, wachitatu woyang'anira kuti sitepe iliyonse yatsatidwa. Samu ikatha asinthane. Amene amathamanga kwambiri musamupatse cholembera poyamba, amangolemba yankho anzake asanaganize.

Kusova samu, sitepe ndi sitepe

Pano mpamene pagona ntchito yonse, choncho titsata samu imodzi kuyambira poyambira mpaka pothera. Thumba la chimanga la 50 kg likutsetsereka kuchoka pa lole kudzera pa thabwa lalitali 3 m, lopendekeka madigiri 30. Coefficient ya friction (μ), nambala yosonyeza kukula kwa kukhulana pakati pa thumba ndi thabwa, ndi 0.2. Thumbalo layamba lili chiimire. Likufika pansi ndi liwiro lotani?

Sitepe yoyamba: wophunzira awerenge funso kawiri, atembenuze pepala, akuuzeni m'mawu ake chimene chikuchitika ndi chimene chikufunidwa. Akalephera apa, musapitirire. Mawu akuti layamba lili chiimire akutanthauza kuti liwiro loyambira ndi ziro, u = 0, ndipo ambiri amawadumpha chifukwa mulibe nambala.

Sitepe yachiwiri: ajambule zochitikazo, lole, thabwa, thumba, ngodya ndi utali. Chithunzi chikhale chachikulu, gawo limodzi mwa magawo atatu a tsamba. Tizithunzi ting'onoting'ono tojambula m'mphepete mwa pepala ndi timene timabisa zolakwa.

Sitepe yachitatu: ajambule thumba lokha ngati kadontho kapena kabokosi, ndi mivi yosonyeza ma force onse amene ali pa ilo. Chithunzi ichi, free-body diagram, ndicho chofunika kuposa zonse m'semesita yoyamba. Lamulo lake n'losavuta: force iliyonse ikhale ndi mwini wake. Pa muvi uliwonse funsani kuti, akukankha kapena kukoka ndi ndani? Dziko likukokera thumba pansi, iyo ndi weight, mg, kutanthauza mass kuchulukitsa ndi g, acceleration ya chinthu chogwa, 9.8 m/s². Thabwa likukankha thumba molunjika kuchoka pankhope yake, iyo ndi normal force, N. Thabwa lomwelo likukaniza kutsetsereka, iyo ndi friction, yoloza kumtunda kwa thabwa. Atha, alipo atatu. Kawirikawiri wophunzira amaonjezera muvi wachinayi woloza kumunsi kwa thabwa n'kuutcha force yoyendetsa thumba. Musaufufute inu. Mufunseni kuti mwini wake ndi ndani, ndi chiyani chikukhudza thumba mbali imeneyo. Akasowa yankho adzaufufuta yekha, ndipo sadzaiwala. Ena amajambula ma, kutanthauza mass kuchulukitsa ndi acceleration, ngati force ina. Ayi, ma ndi zotsatira za ma force ataphatikizidwa, salowa m'chithunzi.

Sitepe yachinayi: asankhe ma axis. Popeza thumba likuyenda motsata thabwa, x ilondole thabwa kuloza kumunsi, y ikhale yochoka pankhope ya thabwa. Akatero, force yokhayo yofunika kuigawa pawiri ndi weight. Apa mpamene sin ndi cos zimasokonekera, ndipo kuloweza sikuthandiza chifukwa mafunso ena amapereka ngodya yoyezedwa kuchokera ku mzere woimirira. Mphunzitseni kudziyesa motere: yerekezani kuti thabwa lagonekedwa pansi, ngodya ndi ziro. Kodi pali gawo la weight limene likukokera thumba motsata thabwa? Palibe. Nanga pakati pa sin 0 ndi cos 0, ziro ndi iti? Ndi sin. Choncho gawo lotsata thabwa ndi mg sin θ, ndipo lopanikiza thabwa ndi mg cos θ, pamene θ ndi ngodya ya thabwa. Kudziyesa uku kumatenga masekondi 10.

Sitepe yachisanu: alembe lamulo lachiwiri la Newton pa axis iliyonse, m'zilembo zokhazokha. Pa y palibe acceleration, ndiye N = mg cos θ. Taonani kuti N si mg pano. Amene analoweza kuti N = mg anangoona zitsanzo za patebulo lafulati. Pa x, mg sin θ − μN = ma. Akalowetsa N, m imapezeka paliponse ndipo imachoka, n'kutsala a = g(sin θ − μ cos θ). Imani pamenepa pang'ono. Wophunzira aone kuti thumba la 50 kg ndi la 90 kg angatsetsereke mofanana. Amene amaika manambala msanga sachiona chimenechi, ndipo tsiku limene mphunzitsi adzapereke funso lopanda mass iye adzati funsolo n'loperewera.

Sitepe yachisanu ndi chimodzi: tsopano manambala, aliyense ndi unit yake. Weight ndi 50 × 9.8 = 490 N. Gawo lotsata thabwa ndi 245 N. Normal force ndi 490 × 0.866, pafupifupi 424 N. Friction ndi 0.2 × 424, pafupifupi 85 N. Zotsala ndi 160 N, ndipo 160 kugawa ndi 50 ndi 3.2 m/s². Kenako v² = 2 × 3.2 × 3 = 19.2, ndiye v ndi pafupifupi 4.4 m/s.

Sitepe yomaliza: alikayikire yankho. Kodi unit yatuluka yoyenera? Kodi kukula kwake n'komveka? Chinthu chogwa molunjika kuchokera pa 1.5 m, komwe ndi kutalika kwa msonga ya thabwali, chimafika pansi pa 5.4 m/s, ndiye 4.4 m/s ndi yomveka chifukwa friction yadyako. Akanapeza 12 m/s akanadziwa kuti penapake palakwika. Ayesenso fomula yake kumalire: thabwa likaimirira madigiri 90, a ikhala g, monga ziyenera kukhalira. Nanga μ ikanakhala 0.7? Fomula ipereka acceleration ya negative. Mufunseni ngati thumba lingakwere lokha kubwerera pa lole. Silingakwere, limangokhala pomwepo, chifukwa friction ya chinthu choima imangokula kufika pamene ikufunika basi. Funso ili limatsegula nkhani yonse ya kusiyana kwa static friction ndi kinetic friction popanda inu kulalikira.

Mukadzafika pa mutu wa energy, bwererani ku thumba lomweli. Pamwamba lili ndi mgh = 50 × 9.8 × 1.5 = 735 J. Friction yadya 85 × 3, pafupifupi 255 J. Zatsala 480 J, ndipo ½mv² = 480 ipereka 4.4 m/s yomwe ija. Wophunzira akaona njira ziwiri zikukumana pa yankho limodzi, amayamba kukhulupirira kuti mitu ya m'buku ndi yolumikizana, ndipo amakhala ndi njira yodziyesera pa mayeso.

Zolakwa zimene mudzakumana nazo sabata ndi sabata

Kakyuleta ndiyo yoyamba kuyang'ana. Wophunzira alembe sin 30. Ikapereka 0.5 zili bwino. Ikapereka −0.988 ndiye kuti ili pa radian, ndipo masamu onse a tsikulo alakwika ngakhale fizikisi yake inali yolondola. Ziyenera kukhala chizolowezi kuyesa izi asanayambe, makamaka akachokera ku kalasi ya calculus komwe amagwiritsa ntchito radian. Kwinanso ndi mabulaketi: kulemba 20 ÷ 2 × 5 pofuna kugawa 20 ndi 10 kumapereka 50 m'malo mwa 2.

Ma unit ndi achiwiri. Minibasi yoyenda 72 km/h ikamanga mabuleki ndi kuchepetsa liwiro pa 5 m/s², imaima pa mtunda wa 20² ÷ 10 = 40 m. Woiwala kusintha 72 kukhala 20 m/s amapeza 518 m, theka la kilomita, n'kuilemba osadabwa. Chizolowezi chodabwa ndicho mukufuna kumanga. Pomwepo mufunseni za minibasi yoyenda 36 km/h: imaima pa 10 m, osati 20 m, chifukwa mtunda umatsata liwiro lochulukitsidwa ndi lokha. Wonena kuti ma unit ndi nkhani yaing'ono muuzeni za Mars Climate Orbiter, chombo cha NASA chimene chinatayika mu 1999 chifukwa gulu lina linapereka manambala m'miyezo ya mapaundi pamene lina linkawawerenga ngati ma newton.

Chachitatu ndi kusakaniza velocity ndi acceleration, monga pa mpira uja. Musangonena kuti yankho ndi 9.8 m/s² kuloza pansi. Mupatseni mpira woponyedwa pa 14.7 m/s, alembe velocity yake pa theka lililonse la sekondi: 14.7, 9.8, 4.9, 0, −4.9, −9.8. Ajambule graph. Mzere ndi woongoka, ukudutsa pa ziro osapindika, kutsetsereka kwake n'kumodzi paliponse. Kenako mufunseni kuti mpira ukanakhala ndi velocity ya ziro ndi acceleration ya ziro nthawi imodzi, ukanatani sekondi yotsatira? Ukanangolendewera m'malere. Zizindikiro za plus ndi minus zimakonzekanso pomwepa: wophunzira asankhe mbali ya positive kamodzi, aijambule ndi muvi pa chithunzi, asaisinthe mpaka samu ithe. Minus sitanthauza kuti chinthu chikuchepetsa liwiro, imangonena mbali. Mpira ukamatsika velocity ndi acceleration zonse ndi negative, koma liwiro likukwera.

Chachinayi ndi lamulo lachitatu la Newton. Lole ya 10,000 kg ndi galimoto ya 1,000 kg zikagundana, force pa iliyonse ndi yofanana. Tinene kuti ndi 50,000 N. Lole imva 5 m/s², galimoto imva 50 m/s². Chimene maso amaona, galimoto kuphwanyika ndi kutayidwa kutali, ndi kusiyana kwa acceleration, osati kwa force. Onetsetsaninso kuti wophunzira akudziwa kuti ma force awiri a lamulo lachitatu amakhala pa zinthu ziwiri zosiyana, choncho sangapezeke m'chithunzi chimodzi. Weight ya buku ndi normal force ya tebulo ndi zofanana buku likakhala phee, koma si mapasa a lamulo lachitatu. Mnzake wa weight ndi force imene buku likukokera dziko.

Pa kugwa kwa zinthu zolemera ndi zopepuka, yesani pomwepo: pepala ndi buku muzigwetse padera, kenako muike pepalalo pamwamba pa buku, losatulukira m'mbali, muzigwetse limodzi. Zifika pamodzi chifukwa buku latchinga mpweya. Kanema wa David Scott wa Apollo 15 akugwetsa hamala ndi nthenga pa mwezi mu 1971 amapezeka pa intaneti ndipo satha mphindi ziwiri.

Mmene mungafunsire

Wophunzira akati sindikumvetsa chilichonse, musayambe mutu wonse pachiyambi. Muuzeni akuonetseni mzere womaliza umene anaumvetsa. Akakakamira pa samu, mafunso anayi awa amakwanira nthawi zambiri: chithunzi chako chili kuti, ndi chinthu chiti chimene ukuchiyang'ana, ukudziwa chiyani ndipo ukufuna chiyani, ndi lamulo liti limene limalumikiza zimenezo. Mukafunsa, khalani chete, muwerenge chamumtima mpaka 10. Kukhala chete kumeneku kumavuta mthandizi kuposa wophunzira, koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Funso lakuti wamva silikuuzani kanthu, aliyense amati eya, makamaka kwa wamkulu amene akumulemekeza. M'malo mwake sinthani samu pang'ono, thabwa likhale madigiri 20 kapena thumba likokedwe kukwera, muone ngati ayenda yekha.

Akayankha molondola mufunsenso chifukwa chake. Mukamafunsa chifukwa pokhapokha walakwa, adzazolowera kusintha yankho akangomva funsolo. Ndipo inu mukakumana ndi samu yokuvutani, isoveni pamaso pake mokweza mawu, kuyambira pa chithunzi. Kuona munthu wodziwa akusakasaka njira kumamuphunzitsa zambiri kuposa yankho loyera lokopera m'buku.

Ntchito ya assignment yopatsidwa malikisi musamusovere, ngakhale akuchondererani. Pezani samu yofanana nayo, musinthe zochitika ndi manambala, muchite imeneyo.

Zochita payekha pakati pa sabata

Mphindi 45 tsiku lililonse, masamu atatu kapena anayi, masiku asanu pa sabata. Pa mutu watsopano ayambe ndi chitsanzo chosovedwa kale m'buku: achiwerenge mzere ndi mzere akudzifunsa chifukwa cha mzere uliwonse, atseke buku, achisove yekha papepala loyera. Kenako apite ku masamu a kumapeto kwa mutu. Lamulo la mphindi 15 limathandiza: alimbane ndi samu mphindi 15 asanayang'ane yankho, akayang'ana aone mzere umodzi wokha womutsegulira njira, atsekenso, apitirize. Mawa lake aibwereze samu yomweyo osayang'ana. Chimodzimodzi ndi mavidiyo a pa YouTube kapena mapulogalamu oyankha mafunso: kuonerera wina akusova kumapatsa munthu chikhulupiriro chakuti wadziwa, chimene chimasungunuka akakhala yekha ndi pepala.

Kuyambira sabata yachinayi asakanize mitu. Pa masamu anayi a tsikulo, awiri akhale a mutu wa sabata ino, awiri a mitu yam'mbuyo, ndipo mumupatse popanda kumuuza mutu wake. Pa mayeso funso silibwera ndi chikwangwani chonena kuti gwiritsa ntchito momentum. Zochita zina zothandiza kwambiri: mulembe masamu 10 pa timapepala, iye awagawe m'magulu malinga ndi lamulo lowasovera, osawasova. Woyamba kumene amaika pamodzi masamu onse a thabwa lopendekeka chifukwa zithunzi zikufanana. Wodziwa amaika pamodzi a energy, a momentum, a lamulo lachiwiri, ngakhale zithunzi zisiyane. Michelene Chi ndi anzake anaonetsa kusiyana kumeneku mu 1981, ndipo inu mungakuone m'mphindi 10 patebulo panu.

Akhale ndi kope la zolakwa. Tsamba lililonse ligawidwe patatu: samu, pamene ndinalakwa, chifukwa chake. Kulemba kuti ndinasokoneza sikokwanira. Alembe kuti ndinatenga N = mg pa thabwa lopendekeka, kapena ndinaiwala kusintha magalamu kukhala makilogalamu. Pakatha mwezi mudzaona kuti zolakwa 30 ndi mitundu inayi kapena isanu yokha yobwerezabwereza, ndipo imeneyo ndiyo ntchito yanu.

Amene alibe buku angakopere la OpenStax, lochokera ku Rice University, lomwe ndi laulere ndipo lili ndi masamu ambiri pa mutu uliwonse. Zoyeserera za PhET za ku University of Colorado Boulder ndi zaulerenso, zimayenda pa foni, ndipo zambiri mungazikopere kamodzi pa WiFi ya pasukulu n'kumazigwiritsa ntchito popanda bandulo. Koma musamusiye azingoseweretsa. Asanasunthe kalikonse alembe chimene akuganiza kuti chichitika, ayese, kenako afotokoze kusiyana kwake.

Kuyeza g ndi ulusi ndi nati

Kuyesa kumodzi kochitira m'chipinda chogona kumakonzekeretsa wophunzira ku malipoti a ku labu. Pafunika ulusi wolimba wosatamuka, nati yachitsulo yolemerako, tepi yoyezera ndi wotchi ya pa foni. Mangirirani ulusi pa msomali kapena pa chitseko, nati ilendewere osakhudza khoma. Yezani utali kuchokera pomangirira kufika pakati pa nati, osati pamwamba pake. Kokerani nati pambali pang'ono, osapitirira madigiri 10, chifukwa fomula T = 2π√(L/g), momwe T ndi nthawi ya ulendo umodzi wopita ndi kubwera ndipo L ndi utali wa ulusi, imagwira bwino pa ngodya zazing'ono zokha. Pa ulusi wa 1 m, madigiri 10 ndi pafupifupi 17 cm kuchoka pakati. Itayeni osaikankha.

Yezani nthawi ya maulendo 20 opita ndi kubwera, osati umodzi. Chala cha munthu chimachedwa kapena kufulumira ndi pafupifupi 0.2 s. Pa ulendo umodzi wa masekondi 2 kumeneko ndi kuphonya ndi magawo 10 pa 100, koma pa maulendo 20 kumatsika kufika pa theka la gawo limodzi pa 100. Poyamba kuwerenga nenani ziro, osati wani, apo ayi muwerenga maulendo 19 n'kuwatcha 20, ndipo g idzatuluka pafupifupi 10.9. Chitani pa utali wa 0.4, 0.6, 0.8 ndi 1.0 m, katatu pa utali uliwonse. Muyembekezere masekondi pafupifupi 25.4, 31.1, 35.9 ndi 40.1. Jambulani graph ya T² ndi L. Ituluka mzere woongoka wotsetsereka pafupifupi 4.0 s²/m, ndipo g ndi 4π² kugawa ndi nambala imeneyo. Ubwino wa graph ndi wakuti ngati mwaphonya utali ndi sentimita imodzi pa miyezo yonse, mzere umangosuntha koma kutsetsereka kwake sikusintha. Akapeza 9.6 kapena 10.0 asasinthe manambala kuti afike pa 9.8. Alembe zimene wapeza, ayerekeze kukula kwa kuphonya kwake, ndipo yankho lisakhale ndi manambala asanu ndi atatu a pa kakyuleta pamene tepi yake imayeza mpaka milimita basi.

Mayeso akayandikira

Sabata zitatu mayeso asanafike, pezani mapepala a zaka zam'mbuyo ku laibulale kapena ku dipatimenti. Pepala loyamba alembe ndi buku lotsegula, lachiwiri ndi lachitatu alembe ngati mayeso enieni, wotchi ili patebulo, foni ili kutali, kakyuleta yomwe adzalowe nayo. Nthawi aigawe potsata malikisi: pepala la malikisi 100 la maola atatu limapereka mphindi 1.8 pa malikisi amodzi, ndiye funso la malikisi 10 lisadye mphindi zoposa 18. Nthawi ikakwana asiye mpata apite kwina. Ayambe ndi funso limene akulidziwa bwino. Pa funso lomukanika ajambulebe chithunzi cha ma force ndi kulemba lamulo m'zilembo, chifukwa ochonga ambiri amapereka malikisi pa njira, osati pa yankho lomaliza lokha. Pochonga pepala loyesererali, inu musangoika tiki ndi mtanda. Zungulizani mzere umene cholakwa chayambira, iye apeze yekha chimene chalakwika, achilembe m'kope lija.

Ngati pofika pakati pa semesita wophunzira akulepherabe kusamutsa zilembo mu equation kapena kugawa vector pawiri, musadikire mayeso omaliza. Mulimbikitseni kukaonana ndi mphunzitsi wa kosiyo pa nthawi imene amalandira ophunzira mu ofesi, atatenga kope lake la zolakwa ndi mafunso awiri kapena atatu olembedwa kale. Ambiri a chaka choyamba amaopa kugogoda pachitseko chimenecho, ndiye ulendo woyamba mungamuperekeze mpaka pakhomo. Inu pakadali pano chepetsani mitu: kinematics, malamulo a Newton ndi energy zikhazikike kaye, chifukwa circular motion, momentum ndi rotation zonse zimafuna chithunzi cha ma force chomwe chija ndi algebra yomwe ija.